Chikwangwani cha Achimwene Ifeyo

"Mwana wanga mwamufotetsa ngati duwa la m'chitini, chikhalirecho inu mukudziwa kuti munakatseketsa! Zaka zonsezi ine ndili kalikiliki kumumwetsa mankhwala owawa, kumuyendetsa kwa uyu ndi uyo, kani mwini vuto ali phee, akupukuta mabotolo!"

Amenewo anali apongozi a achimwene anga, mayi awo a alamu, ataima pakati pa chipinda chochezera, chikwama chachikulu chili yasa pampando. Achimwene anali atakhala pakona pafupi ndi wailesi, manja ali pamaondo, nsapato zakuntchito asanavule n'komwe. Alamu anali pamakina awo osokera, mutu uli pansi, akulimbana ndi ulusi womwe unali kale m'singano. Ine ndinali pakhomo, maambulera anga ogulitsa ali m'khwapa, ndikupumira m'mwamba, chifukwa mayi wogulitsa nthochi pasiteji anandiuza kuti thamanga, kwa achimwene ako kwayaka moto.

"Mayi, pepani, takhalani kaye pansi," anatero achimwene. "Ife tikanakonda kufotokoza kuti..."

"Ife! Ife ndani? Mwana wanga ndinamukwatitsa kwa anthu angati?"

"Kwa mmodzi, ndipo ndi mwamuna wathunthu!" ndinatero ine, maambulera n'kuwaponya pansi. "Ngati mwabwera kudzatukwana, tukwanani ine, ndili ndi pakamwa pobwezera. Awa mukudziwa kale kuti sayankha."

"Inu a maambulera, pano si pamsewu."

"Pamsewu pali ulemu kuposa zomwe ndikumva munozi, mayi."

Ndisanapitirire, ndikuuzeni kaye za munthu amene ankatukwanidwayu, chifukwa mumsewu wathu aliyense tsopano ali ndi mbiri yakeyake ya achimwene, ndipo zonsezo ndi zabodza kupatula yangayi.

Achimwene anabadwa ndi nthenda imodzi, yotsuka. Tili ana, ine ndikamamenyana ndi anzanga kuseri kwa nyumba, iwo ankakhala pampopi akutsukanso kapu yomwe mayi atsuka kale. Sukulu anaisiyira panjira bambo atamwalira, n'kuyamba kutsuka mabasi kudepoti. Atachoka kumeneko anakatsuka mbale kulesitilanti ina ya pafupi ndi msika, kenako mawindo a sitolo ya nsapato. Konseko dzina lawo linali limodzi: iwe. Iwe, bweretsa ndowa. Iwe, apa sipanayere. Munthu wa ndevu zake, akuitanidwa ngati galu wa eni, iwo n'kumangoyankha kuti wawa.

Kenako kunapezeka ntchito kulabotale yofufuza za malungo, chinyumba chotuwa cha mpanda wawaya chomwe chayang'anizana ndi siteji ya mabasi pomwe ine ndimagulitsa maambulera ndi zikwama. Anawapatsa chikhoti choyera, magolovesi ofika m'zigongono, ndi kakhadi kokoleka m'khosi. Ofesi yawo ndi kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kopanda windo, kokhala ndi masinki akuya, mashelefu a mabotolo agalasi a makosi aatali, ndi chimphika chachitsulo chomwe chimapha chilichonse ndi nthunzi, kwinaku chikufwenthera ngati ng'ombe yokwiya. Botolo lililonse amalitsuka ndi sopo wosanunkhira, n'kulitsukuluza ndi madzi a pampopi, kenako ndi madzi ena oyeretsedwa mpaka osakoma. Akamaliza amalikweza moyang'anitsa getsi. Kakaoneka kadontho, amayambiranso. Munthu anapeza malo omwe nthenda yake amaitcha luso.

Mwezi usanathe anabwera kunyumba n'kunena kuti, "Ife tapeza kuti kachirombo ka malungo n'kochenjera." Ndinayang'ana kumbuyo kwawo kuti ndione amene abwera nawo. Kunalibe. Kuyambira pamenepo zonse zinali ife. Ife tikuyesa mankhwala atsopano. Ife tikudikira makina ochokera kunja. Mumsewu anawapatsa dzina loti Ifeyo, ndipo ankaseka akamawaitana, koma iwo analilandira ndi manja awiri. Kuchoka pa iwe kufika pa ife ndi chilembo chimodzi chokha, koma achimwene chinawatengera theka la moyo. Amene akufuna kuseka aseke, adzandipeza.

Zomwe ife ameneyo ankachita m'chinyumbamo anandifotokozera tsiku lina pa nthawi yopuma, atakhala pakireti pafupi ndi katundu wanga.

"Mlongo, kachirombo ka malungo kakalowa m'thupi kamakabisala m'maselo ofiira a magazi, n'kumadya chofiiracho. Koma m'chofiiramo muli kanthu kachitsulo kotchedwa himu. Kachirombo sikangamugaye, ndipo akangokhala mbwee, himu ameneyu ndi poizoni kwa iko komwe. Ndiye ukuganiza kamatani?"

"Kamafa, ife n'kupuma."

"Ayi. Kamasesa. Kamamuunjika pakona n'kumuumba timiyala takuda ting'onoting'ono. Akakhala mwala savulazanso, iko n'kumapitiriza kudya."

"Kani n'kachirombo kaukhondo ngati inu? Si m'bale wathu ameneyu?"

Sanaseke. Pa nkhani za ntchito achimwene saseka. "Mankhwala akale aja, kolorokwini, ankakalanda tsache. Koma kanaphunzira kuwalavula. Ndiye ife tikufuna atsopano, otseka njira imeneyo, kuti kasaumbenso timiyala. Kafe ndi zinyalala zake zomwe."

Anati anthu ophunzira a m'chinyumbamo ali ndi timathireyi ta timaenje tambirimbiri ngati thireyi ya mazira a mbalame. M'kadzenje kalikonse amathiramo himu ndi mankhwala amtundu wake, n'kudikira. Timiyala tikaumbika, mankhwalawo ndi achabe. Tikapanda kuumbika, amawatenga n'kukawayesa pa tizirombo tamoyo, ndipo kumenekonso ambiri amakagwa. Ndiwachitire umboni pa chinthu chimodzi: achimwene sankasankha. Masiku ambiri ankatuluka pageti nkhope ili gwaa, n'kundiuza kuti, "Ife talephera lero." Munthu woti sanagwirepo n'kadontho komwe ka mankhwalawo, koma kulephera kwa madokotala ankakusenza pamutu mpaka kunyumba. Ndikawafunsa kuti mankhwalawo atuluka liti, yankho linali lakuti patsala pang'ono. Pang'ono pamenepo ndakalamba napo.

Tsono tizirombo tamoyo tija amatiweta m'mabotolo, m'kabati yofunda ngati m'khwapa, ndipo chakudya chake ndi magazi a munthu. Alabotale atafunsa ngati alipo ofuna kupereka, woyamba kupinda malaya mukumudziwa. Magazi awo akuti tizirombo tinawakonda kwambiri. Anthu onse amagona m'maukonde kuthawa malungo, achimwene anga okha ndi amene ankawaperekera chakudya pambale. Nthawi ndi nthawi ankabwera kunyumba ali ndi kathonje ndi pulasitala pamkono, akuyenda monyada ngati msilikali wa nyota. Ndinene momveka, chifukwa pali ena ogontha: singano ija inkatulutsa, sinkalowetsa kanthu.

Alamu anawapeza chifukwa cha chikhoti choyera chomwecho. Manja a chikhoticho anali aatali, ndiye anapita nacho kwa telala wa pakhonde la sitolo ya utoto kuti akachifupikitse. Telalayo anali mtsikana wofatsa, wa mapini kukamwa. Anafupikitsa dzanja limodzi, achimwene n'kubweranso kuti linalo latalika. Anafupikitsa linalo, iwo n'kubweranso kuti loyamba lija latalika. Chikhoti chitatsala pang'ono kusanduka vesiti, anakwatirana.

Linali banja labwino, la anthu awiri osadziwa kukalipa. Nyumba inkanyezimira. Koma chaka chinatha, china n'kutha, zinanso n'kutha, mwana osabwera. Ndipo mukudziwa chala chimaloza ndani zikatero. Pampopi wa mumsewu wathu amayi ankafunsa mokoma, mawu odzola mafuta: "A telala, mayunifolomu a ana a eni mumasoka bwino. Nanga ya wanu mudzasoka liti?" Alamu ankangomwetulira, ndowa pamutu, n'kukalirira kuchipinda. Apongozi ankabwera ndi mabotolo a mankhwala akuda ochokera kwa aliyense amene anawalonjeza mdzukulu. Alamu ankamwa atatsina mphuno. Achimwene ankadikira botolo lithe, n'kulitsuka.

Tsopano tafika pa chikwangwani.

Alabotale anakonza tsiku loti anthu alowe adzaone zomwe zimachitika kuseri kwa waya. Ntchito yolengeza inali m'manja mwa bambo wina wa taye, wa ofesi yofalitsa nkhani, munthu woti anakulira m'chizungu cha m'mabuku, chilankhulo chathu amangochigwiritsa pogula tomato. Ankafuna mawu oti aliyense amve, ndiye anatsikira ku kachipinda kotsukira. Achimwene anavula magolovesi, n'kuganiza mozama, n'kumupatsa chiganizo chathunthu, cholondola, chopanda banga: Njira yatsopano yotseka mpata umene kachirombo ka malungo kamatayira poizoni wa m'magazi. Bamboyo anati zikomo, n'kupemphanso chithunzi cha munthu wopereka magazi, ndi mawu ochepa ochokera pansi pa mtima.

Chinakwezedwa pamwamba pa geti, chachikulu ngati mbali ya basi. Pamwamba, zilembo zofiira, chilichonse kutalika ngati mwana woyenda: NJIRA YATSOPANO YOTSEKA. Mawu otsalawo anali m'munsi, ang'onoang'ono ngati nyerere zili pamzere. Pakati, achimwene anga, malaya atapinda, singano ili pamkono, mano onse ali panja. Ndipo pansi pa chibwano chawo, zilembo zinanso zikuluzikulu: INE NDINADZIPEREKA. NANGA INU?

Iwo ananena kuti ife tinadzipereka, koma wa taye uja anakonza, akuti pachithunzi pali nkhope imodzi. Tsiku limodzi lokha lomwe achimwene anati ine, ndi lomwe linawagwetsa.

Kwa inu amene simunakhalepo pabenchi ya kusikelo, ndikuuzeni. Munthu wamkulu akamva kuti njira yotseka, saganiza za chitseko, saganiza za kachirombo. Amaganiza za kulera kosabwerera, kuja amanena anamwino kuti ukapanga basi, za ana waiwala. Zimenezi akuzidziwa wogulitsa nthochi, kondakitala, ngakhale wamisala wa kudepoti. Osadziwa anali awiri okha m'tauni yonse: wa taye, ndi achimwene, omwe m'mutu mwawo munadzaza timiyala takuda.

Ine nditangochiona ndinagwira mutu. Ndinawagwira pageti pomwepo.

"Achimwene, mwachiwerenga chimenechi?"

"Ndachilemba ndine, mlongo. Wachiona kuwala kwake?"

"Chikunena kuti munakatseketsa!"

"Aaa, iwe. Werenga zing'onozing'onozo."

"Ndani amawerenga zing'onozing'ono ali m'basi?"

"Anthu si opusa, mlongo."

Anthu si opusadi. Amangowerenga zomwe zalembedwa. Dzuwa lisanapendeke makondakitala anali atayamba kale. "Ifeyo! Makiyi munasiya kuti?" Wina anawatcha a Loko. Bambo wina wa ana odzaza nyumba anawakokera pambali n'kuwafunsa monong'ona ngati zimawawa, ndiponso ngati angamulowetse pamzere mkazi wake asanadziwe. Namwino wina wa zakulera anatsika basi dala kudzawagwira chanza, akuti abambo onse akanakhala olimba mtima chonchi dziko likanapita patsogolo. Achimwene anathokoza, poganiza kuti akunena za magazi. Ine ndinathyola maambulera awiri pamisana ya anthu, ndipo sindikudandaula, anali a mtundu wosalimba.

Chomwe chinandidabwitsa ndi alamu. Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti ndi bodza, nkhani ya timiyala anaimva kambirimbiri mpaka akanatha kuiphunzitsa. Koma sanatsutse. Pampopi zinthu zinatembenuka. Amayi omwe aja anayamba kuwapatsa malo kutsogolo kwa mzere. Wina anawasenzetsa ndowa. Wina anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani a telala, tinakulakwirani. Amuna ndi afiti." Tsiku lina ndikudutsa pawindo ndinamva makina akulira, ndipo pamwamba pa makinawo munthu akuimba. Ndinalowa osagogoda.

"Alamu, mukuimba? Amuna anu akusekedwa tauni yonse, inu mukuimba? Bwanji osatuluka n'kukawauza zoona?"

Anaimitsa makina, n'kuchotsa mapini kukamwa mmodzimmodzi. "Alamu anga, zaka zonsezi ndikamafika pampopi anthu amatsitsa mawu. Masiku ano akundipatsa moni. Ndikudziwa kuti n'zolakwika. Ndisiyeni ndipumeko pang'ono chabe, kenako ndikanena."

Ine amene sindisowa chonena, ndinatola chidutswa cha nsalu pansi, n'kuchiika patebulo, n'kutuluka.

Koma kupumako sikunatalike, chifukwa apongozi, pobwera ndi botolo lina la mankhwala akuda, anakhala mpando wa pawindo. Basi inaima pamaso pa geti. Anaona mkamwini wawo ali m'mwamba, akuseka, akufunsa kuti nanga inu. Ndi mmene tinafikira pa chikwama choyasama chija.

"Mayi," anayesanso achimwene, ine nditatola maambulera anga, "chotsekedwacho si ine. Ndi kachirombo."

"Kachirombo? Ndiye dzina lomwe mwakapatsa limenelo?"

"Ayi mayi, ndikunena kachirombo kakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso..."

"Zimenezo musandiuze ine, ndine mpongozi wanu! Mulibe manyazi?"

Alamu anabisa nkhope m'nsalu yomwe ankasoka, kaya ankalira kaya ankaseka, sindikudziwa mpaka lero. Apongozi anakhala pansi pomaliza, n'kugamula. Anati iwo sakambirana ndi wotsuka mabotolo kapena wogulitsa maambulera. Mwini chikwangwani abwere yekha adzawauze pamaso kuti chikunama. Akapanda kubwera, mwana wawo akupita naye, akadali ndi zaka zoti n'kupeza mwamuna wosakhoma.

M'mawa mwake katundu ndinamusiya ndi mayi wa nthochi, n'kuwoloka msewu. Mlonda wa pageti amandidziwa, ndinamugulitsapo ambulera yomwe mpaka lero ikugwira ntchito, choncho anangoyang'ana kumbali. Ndinayenda m'khonde lonunkha mankhwala ndikukuwa kuti ndikufuna wamkulu wa pano, mpaka chitseko china chinatseguka.

Dokotala wamkulu ndi mayi woonda, wa magalasi okoleka pachingwe, wobadwira kutali. Chilankhulo chathu amachigwira ndi nsonga za zala ngati kapu yotentha. Nditawafotokozera tanthauzo la zilembo zofiira zija, anaseka kaye. Sindiwaimba mlandu kwambiri pamenepo, chikanakhala cha mchimwene wa wina inenso ndikanagwa pansi. Koma nditafika pa chikwama cha apongozi, kuseka kunatha. Anaitanitsa wa taye.

"Mawuwo anatipatsa ndi mwini wake," anatero bamboyo, akukonza taye yake. "Kwathu kunali kungokulitsa zilembo."

"Munakulitsa mawu atatu, enawo munawasandutsa nyerere!"

"Mayi, chikwangwani chabwino chimayenera kuwerengeka munthu ali m'galimoto yoyenda. Ndi luso limenelo."

"Chinawerengekadi, bambo, luso lanu lagwira ntchito! Apongozi anachiwerenga popanda magalasi!"

Dokotala, pofuna kundiziziritsa, ananditengera m'chipinda china n'kundiuza kuti ndisuzumire m'makina awo oonera tinthu tating'ono. Ndinaona timikombero totuwa mofiirira, tina tili ndi timadontho takuda ngati fumbi la makala. "Timiyala tija ndi timeneto," anatero. "Ndipo magaziwo ndi a achimwene anu. Amatithandiza kwambiri."

"Ndiye magazi awo mukuwadziwa mpaka m'kati, koma kuti kunyumba kwawo kuli mkazi simunafunsepo?"

 Dokotala anabwera ndi nzeru ziwiri. Yoyamba, chikwangwani chitsike. Yachiwiri, achimwene awatumize kuchipatala akayezedwe, kuti zotsatira zikatseke pakamwa aliyense. Ndinati zimenezo ndiye zamutu. Anawaitanitsa, iwo n'kubwera ali mu epuloni, magolovesi akudontha madzi. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Zikomo kwambiri, a Dokotala, koma zoyezedwazo ayi."

Anawerama pang'ono, n'kubwerera ku masinki awo. Ndinawatsatira ndikuyaka.

"Mwapenga? Akupatsani mwayi wotsuka dzina lanu, inu katswiri wotsuka, mukukana?"

"Mlongo, tatseka chitseko."

"Mawu amenewo musawatchulenso pamaso panga," ndinatero, koma ndinatseka.

Anatenga botolo, n'kulilowetsa burashi. "Akandiyeza n'kupeza kuti ndili bwinobwino, chala chija chibwerera kwa ndani?"

Anatsukuluza botolo lija, n'kupitiriza.

"Unawamva akuimba? Chikwatiranireni ine sindinawamvepo. Sindinkadziwa n'komwe kuti ali ndi mawu otero."

"Nanga akapeza kuti vuto lili mwa inu?"

"Ndiye kuti apongozi akunena zoona, angolakwitsa chifukwa chake, ndipo chikwama achitseka ndithu. Uku ndikupha mkazi wanga, uku ndikumutaya. Bola zikhale mmene zililimu. Ine kusekedwa ndinazolowera kudepoti."

Ndinawayang'ana, n'kuona kachirombo kawo kaja kataima pamaso panga katavala epuloni. Poizoni yense wa mumsewu wathu akumusesa, akumuumba kamwala kakuda, akumukankhira pakona pa mtima kuti m'nyumba mukhalike. Kusiyana kwake n'kwakuti kachirombo kamatero podzipulumutsa kokha. Ndinafuna kuwamenya ndi burashi yomweyo. Ndinangowamangira chingwe cha epuloni chomwe chinamasuka.

Nzeru yoyamba ija ndiye alabotale anaichita mwachangu, poti inali yosavuta. Inde, ine ndinavomera kuti chitsike. Koma sindinanene kuti chitsike masana dzuwa lili paliwombo, siteji itadzaza, ndi makwerero aatali ndi amuna atatu ovala maovolosi akukuwirana kuti gwira uko. Anthu anasiya mabasi n'kumaonerera. Nkhope ya achimwene inapindika pakati, mano n'kugwera m'fumbi. Kondakitala wina anakwera pamwamba pa basi n'kukuwa kuti, "Abisa umboni!" Siteji yonse inaombera m'manja.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Ndinapeza chikwama chatsekedwa, apongozi atavala kale nsapato.

"Mwini chikwangwani ali kuti?" anandifunsa.

"Achitsitsa, mayi. Avomereza kuti chinalakwika."

"Chinthu choona amachitsitsa chikaulula. Ine ndinati munthu abwere. Wabwera?"

Ndinalankhula zambiri pamenepo, zina zosalembeka. Ndinafotokoza za himu, za tsache, za thireyi ya mazira, mpaka thovu kukamwa. Apongozi anati sukulu yanga ya pamsewu ndikaphunzitse nkhuku. Alamu anayesa, ndisawanamizire. Anaimirira n'kunena kuti, "Amayi, awa sanatseketse, ine ndikudziwa." Mayi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye ukundiuza kuti vuto ndi iwe?" Alamu anatsegula pakamwa. Achimwene, omwe anali atangolowa kumene, anawagwira paphewa n'kupukusa mutu pang'ono. Alamu anakhalanso pansi.

Zovala zokha sizikanandiopsa, mkazi amapita kwawo ndi zovala n'kubwerako. Koma apongozi analamula kuti mutu wa makina osokera aumasule patebulo. Achimwene anaumasula okha ndi sipanala, n'kuukulunga m'bulangeti, n'kuusenza paphewa mpaka kusiteji, kudutsa pakati pa makondakitala omwe aja, omwe tsiku limenelo anapeza ulemu woti akhale chete. Anaulowetsa pansi pa mpando n'kuuza dalaivala kuti aziyenda bwino m'mabampu. Alamu anatulutsa mutu pawindo.

"Alamu, muziwaona adye. Ndibwera zikazizira."

"Zizizira bwanji, alamu, woziziritsa ndani?"

Basi inanyamuka.

Pabalaza pawo patsala tebulo la makina lokhala ndi bowo pakati. Achimwene amadzuka, amapita kuntchito, amabwerako, amadya ataimirira. Kulabotale akuti nkhaniyi anaitseka, mawu awo omwewo, sanaphunzirebe. Analemba chipepeso patsamba lawo la pa intaneti, m'chizungu cha m'mabuku, chonena kuti akudandaula ngati pali ena amene sanamvetse bwino uthenga. Apongozi alibe intaneti, ali ndi mkazi wa eni m'nyumba ndi mndandanda wa amuna ofedwa akazi m'mutu. Nditabwereranso kulabotale, anandiuza kuti wa taye ali patchuthi. Dokotala anandilandira pakhonde, chikwama chaulendo chili m'manja, akupita kumsonkhano wa kunja kukafotokoza za timiyala tawo. Anati akumva chisoni kwambiri, koma nkhani za m'banja si za sayansi.

Si za sayansi? Pamene munkafuna mkono wa munthu, unali wa sayansi. Pamene munkafuna nkhope yake ndi mano ake pamwamba pa geti, zinali za sayansi. Mkazi wake yekha ndiye wakhala wa m'banja?

Mankhwala anuwo apezeni, ndikufunirani zabwino, malungo anandigwetsapo inenso ndipo ndikuwadziwa. Koma a Dokotala, inu ndi bambo wanu wa taye, tamverani. Basi yopita kwa apongozi imanyamukira pamaso pa geti lanu. Mmodzi wa inu akwere. Akafike, akhale pampando womwe amupatse, ayang'ane mayi uja m'maso, anene ndi pakamwa pake kuti tinalemba ndife, tinalakwitsa ndife, mkamwini wanu sitinamukhudze. Ndipo akanene mwa njira yoti chala chisabwererenso kwa alamu anga. Mmene muchitire zimenezo ndi zanu, ophunzira ndinu. Ine katundu wanga ndamusamutsa, ndamuyala pageti penipeni, galimoto zanu zizidutsa pambali. Atuluke munthu m'chinyumbamo adzayankhe za banja la achimwene anga!